Nati Yogwidwa ndi Dzimbiri: Zida Zoimasulira ndi Dongosolo Lake

Caka catha, mvula yobzalira itangogwa m'mwezi wa Novembala, mlimi wina amene anamaliza maphunziro ake pano zaka zingapo zapitazo anafika ku shedi yathu ya zida atamangirira pulawo pa njinga. Iye anafuna kusintha sheya, khasu lija la pulawo limene limadula nthaka, popeza yakale inali itadyeka kotero kuti pulawo inkangoyenda pamwamba. Sheya yatsopano anali ataigula kale nthawi yabwino. Cimene cinamuimitsa ndi manati ogwira sheya yakale, amene anagwidwa ndi dzimbiri cifukwa pulawoyo inagona pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'Febuluwale. Anayamba ndi shifitingi, imene inaterereka mobwerezabwereza kufikira makona onse a manatiwo atadyeka. Mtima utapsa anatenga nyundo yaikulu namenya mwamphamvu, ndipo citsulo ca pakati cimene sheya imakhalapo cinapindika. Manatiwo tinawacotsa m'mphindi zocepa, koma sheya yatsopano inakana kukhala bwino pa citsulo copindikaco. Pamene ankapeza cina ku Chipata masiku anayi anali atapita, anansi ake anali atabzala kale, ndipo cinyezi ca mvula yoyamba cinali citauma m'munda mwake.

Phunziro la mwezi uno lacokera pa cocitikaci. Nati ndi kanthu kotsika mtengo koposa zonse pa makina. Bawuti imaiposa pang'ono, citsulo cimene bawutiyo yagwira cimaposa ziwirizi kutali, ndipo tsiku la nyengo yobzala likapita siligulidwa m'sitolo iliyonse. Motero pomasula nati yokakamira tiyenera kuyamba ndi cida cofatsa, ndi kupita ku caukali pokhapokha cofatsaco calephera. Ngati pali cinthu coti cionongeke, cikhale nati. Zida zambiri zimene tidzachula pano muli nazo kale, kapena mungazipeze m'tauni yapafupi. Cimene cimasowa kawirikawiri ndi dongosolo lozigwiritsira nchito.

Cifukwa cake nati imakana

Bawuti ndi nati zimagwirana ndi timizere tozungulira timene amakanika amati mathiredi. Pakati pa mathiredi a ziwirizi pamakhala kampata kakang'ono kwambiri kamene kamalola nati kuzungulira. Madzi ndi mpweya zikalowa m'kampatako, citsulo cimayamba kucita dzimbiri. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa citsulo cimene lacokerako, conco limadzaza kampata konse ndi kufinya bawuti m'kati mwa nati, monga mmene mpini umatupira ndi kugwira khasu zolimba ukauviika m'madzi.

Pa famu dzimbiri limafulumira cifukwa ca zinthu zimene timagwira nazo nchito. Feteleza amakoka cinyezi ndipo amadya citsulo msanga, n'cifukwa cake manati a makina obzalira ndi a ngolo yonyamula matumba amauma kuposa ena. Ndowe ndi mkodzo wa ng'ombe, dothi lonyowa lokakamira pa pulawo, ndi madzi a batire zimacita cimodzimodzi. Komabe dzimbiri lilibe kulimba kwa citsulo. Likagwedezedwa limasweka, mafuta amalowerera m'ming'alu yake, ndipo likatenthedwa limalekana ndi citsulo. Zida zonse zotsatirazi zimapezerapo mwayi pa kufooka kumeneku.

Yang'anani musanapotoze

Musanagwire sipanala, khalani pansi muyang'ane natiyo bwinobwino, pakuti si nati iliyonse yokana imene yagwidwa ndi dzimbiri. Nati ya pakati pa wilo la ngolo kawirikawiri imakhala ndi timipata pamutu pake, ndipo m'timipatamo mumadutsa kapini ka miyendo iwiri yopindidwa. Kapiniko kakabisika m'girisi ndi fumbi, munthu angalimbane ndi natiyo tsiku lonse. Manati ena amatsekedwa ndi washa imene mbali yake imodzi yapindidwira pa nati, ndipo iyenera kuwongoledwa poyamba. Ena amakhala awiri pa bawuti imodzi, yapamwamba yotsekera yapansi. Pamenepo gwirani yapansi ndi sipanala imodzi, mumasule yapamwamba ndi ina.

Tsimikizaninso mbali yomasulira. Manati ambiri amamasuka mukawazungulitsa motsutsana ndi mivi ya wochi, inu mutayang'anizana nawo. Koma alipo a mathiredi a kumanzere amene amamasukira mbali inayo, monga pedulo ya kumanzere ya njinga, nati yogwira mpeni wa makina ochechera udzu onyamula paphewa, manati a mawilo a kumanzere a malole ena, ndi zolumikizira pa botolo la gasi wa acetylene. Pa malole bawuti kapena nati yotere imalembedwa cilembo ca L, ndipo ya gasi imakhala ndi timabala pa makona. Popeza ngolo zambiri za m'midzi mwathu zimapangidwa ndi ekiselo ya galimoto yakale, ndi bwino kufufuza. Yang'anani mathiredi otulukira kunja kwa nati ngati kuti bawuti yaima cilili. Akakhala okwera ca kumanja, ndi a masiku onse. Akakhala okwera ca kumanzere, natiyo imamasuka motsata mivi ya wochi.

Burashi ya waya ndi mafuta olowerera

Nati iyenera kudutsa pa mathiredi onse otsala kunsonga kwa bawuti isanatuluke. Ngati nsongayo yadzaza dzimbiri, utoto ndi dothi louma, nati imamasuka pang'ono kenaka n'kuumanso, ndipo mabawuti ambiri amathyokera pamenepo. Conco palani nsongayo ndi burashi ya waya kufikira mizere itaoneka, ndipo ngati inaphwanyidwapo ndi nyundo, isalazeni ndi tupa. Palaninso pamene nati yakhudzana ndi citsulo ca pansi pake, cifukwa mafuta adzaloweranso pamenepo.

Mafuta oyenera ndi amadzimadzi, otha kulowerera m'kampata kocepa. M'masitolo a zida muli mafuta opopera a m'zitini, monga WD-40 ndi ena. Amene alibe angagwiritse nchito parafini kapena dizilo, ndipo angasakanizemo oilo wa injini pang'ono. Oilo wa injini payekha ndi wolemera, amangokhala pamwamba. Mafuta a mabuleki, amene ena amathira, amasupula utoto ndipo si abwino pakhungu, motero tisawazolowere.

Mafuta amafuna nthawi. Nati ya dzimbiri la caka conse imafuna maola angapo kapena usiku wathunthu, ndi kuthirako kawirikawiri. Kuti mafuta asaume ndi dzuwa, kulungani natiyo ndi kansanza konyowa ndi dizilo. Ngati nati yayang'ana kumwamba, umbani kampanda ka dothi lamakande kuizungulira, mudzazemo parafini. Tizitsulo ting'onoting'ono tingamizidwe tathunthu m'citini ca dizilo, kapena m'viniga usiku umodzi, kenaka n'kutitsuka, kutiumitsa ndi kutipaka oilo. Manati a pa batire, amene amayera ndi ufa wa asidi, amatsukidwa ndi madzi ofunda osungunulamo soda wophikira. Pano timakonda kuthira mafuta pa manati ovuta pa Cisanu masana ndi kuwasiya. Tikabwerera ku shedi pa Sondo m'mawa, Sabata litapita, ambiri amamasuka ndi sipanala wamba. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa nchito iyi wodekha ndiye amapulumutsa bawuti.

Sipanala yokwana bwino

Masipanala sagwira nati mofanana. Sipanala yotsegula kukamwa imagwira mbali ziwiri zokha, ndipo mukakoka mwamphamvu kukamwa kwake kumakanuka pang'ono n'kudya makona. Shifitingi imacita zomwezo moposerapo, cifukwa cibwano cake cimodzi cimagwedera. Ringi imazungulira nati yonse. Yoposa zonse pa nati ya dzimbiri ndi soketi ya makona 6, imene imagwira mbali zathyathyathya za nati. Soketi kapena ringi ya makona 12 imagwira pafupi ndi nsonga za makona pokha, ndipo pa nati yodyeka ingaterereke. Amene akugula zida pang'onopang'ono ayambe ndi maringi ndi masoketi a miyeso ya pa makina ake, shifitingi ibwere pambuyo.

Miyeso yofala ndi iyi. Bawuti ya M8, ndiko kuti yonenepa mamilimita 8, imakhala ndi nati ya 13 mm, ya M10 nati ya 17 mm, ya M12 nati ya 19 mm, ya M16 nati ya 24 mm, ndipo ya M20 nati ya 30 mm. Mabawuti ena atsopano a M10 ndi M12 amabwera ndi manati a 16 mm ndi 18 mm. Mathirakita akale monga Massey Ferguson 135 ali ndi manati a miyeso ya mainchi, ndipo apa mpamene ambiri amalakwitsa. Nati ya theka la inchi ndi 12.7 mm. Sipanala ya 13 mm imalowa koma imagwedera, ndipo pa nati youma kugwederako n'kokwanira kudya makona. Nati ya 9/16 ya inchi ndi 14.3 mm, conco sipanala ya 14 imakana ndipo ya 15 imasiya mpata waukulu. Yesani sipanala ndi dzanja, ikagwedera funani ina. Kusiyana kumeneku kungakuthandizeninso, pakuti nati ya 13 mm imene dzimbiri laidya n'kuicepetsa imagwidwa bwino ndi soketi ya theka la inchi yokhomeredwa ndi nyundo.

Lowetsani sipanala mpaka pansi pa nati, imani mokhazikika, ndipo kokerani kwa inu, cifukwa wokankha amasupuka zala sipanala ikaterereka. Yambani mwa kumanga natiyo pang'ono zedi kuti dzimbiri lisweke, kenaka masulani. Ikayamba kuyenda musathamange. Masulani pang'ono, bwezani, thirani mafuta, masulaninso kupitirira pamene munalekeza. Nati ikayamba kulira kapena kutentha, ndiye kuti dzimbiri launjikana m'mathiredi. Imani, ibwezeni, mupale ndi kuthiranso mafuta. Ngati makona anadyeka kale, salazani ndi tupa mbali ziwiri zoyang'anizana kuti sipanala yocepa ilowe, kapena gwirani ndi vayisi giripi yomangidwa zolimba. Pa manati aakulu bobojani imathandiza, popeza mano ake amaluma mowonjezereka mukamakoka, koma nati yolumidwa ndi bobojani isabwererenso pa makina.

Nyundo ziwiri

Nati ikakanabe, igwedezeni. Khazikani nyundo yolemera mbali imodzi ya nati, ndipo ndi nyundo yocepa gogodani mbali yoyang'anizana nayo. Citani motero pa mbali zonse zimene mungafike. Nyundo yaikuluyo imalandira kumenya konse, kotero kuti nati imafinyika pakati pa ziwirizo ndipo dzimbiri la m'kati limasweka popanda kupinda bawuti kapena citsulo ca makina. Ici ndi cimene mlimi uja sanacite. Iye anamenya popanda cocirikiza kumbuyo, ndipo mphamvu yonse inathera pa pulawo. Mukagogoda thiraninso mafuta, pakuti tsopano apeza ming'alu yolowera.

Musamenye nsonga ya bawuti, cifukwa imaphwasuka ngati bowa ndipo nati singadutsenso. Musamenyenso pafupi ndi zitsulo zoumbidwa m'cikombole, zimene amakanika amati kasiti, monga thupi la injini kapena la pampu. Citsulo cotere cimang'ambika m'malo mopindika. Kumenya mpini wa ringi yolimba ndi nyundo kumamasula manati ena amene akana kukoka wamba, koma mpini wa racheti usamenyedwe. Okonza matayala m'matauni ali ndi makina a mphepo kapena a magetsi amene amamenya nati kambirimbiri mozungulira, ndipo pa manati a mawilo ndi bwino kuwalipira kandalama kusiyana ndi kuthyola mabawuti.

Mpini wautali ndi malire ake

Tonse timadziwa kuti kuika payipi pa mpini wa sipanala kumawonjezera mphamvu, koma ocepa amadziwa kuti kumawonjezera motani. Mphamvu yopotoza imayezedwa mu newton-mita, mwacidule Nm, ndipo imapezeka poculukitsa mphamvu ya kukoka ndi kutalika kwa mpini. Munthu wokoka ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu 30 pa sipanala yotalika masentimita 30 amapereka pafupifupi 90 Nm, imene ili pafupi ndi muyeso woyenera womangira bawuti ya M12 yolembedwa 8.8 pamutu. Munthu yemweyo akaika payipi ya mita imodzi amapereka pafupifupi 300 Nm, kuposa katatu, ndipo bawuti ya M12 singapirire zimenezo. Ngati dzimbiri silinasweke, cimene cidzagonja ndi bawutiyo.

Conco mpini wautali ubwere pambuyo pa mafuta ndi nyundo, ndipo uyenerane ndi kunenepa kwa bawuti. Cida cake ceniceni ndi mpini wolimba wa soketi wopanda racheti. Payipi pa racheti imathyola mano ake a m'kati, ndipo pa sipanala yotsegula imakanula kukamwa. Kokani mowonjezera pang'onopang'ono, mukumvetsera ndi manja. Nati yomasuka imalira kamodzi n'kuyamba kuyenda. Koma ngati mpini wayamba kuyenda mofewa popanda kulira, monga mukupotoza nzimbe, ndiye kuti bawuti ikupotoka ndipo yatsala pang'ono kuduka. Lekani pomwepo. Manati a wilo amasulidwe koyamba wilo likadali pansi, litachingidwa ndi miyala. Ngolo kapena galimoto yokwezedwa pa jeke ingagwe mukamakoka, ndipo munthu asalowe pansi pake isanakhazikidwe pa zipika zolimba.

Moto

Citsulo cikatenthedwa cimafutukuka. Mukatenthetsa nati mofulumira bawuti ikadali yozizirirapo, bowo la nati limakula pang'ono ndipo dzimbiri limasweka. Conco lunjikani lawi pa nati yokha, ndipo yesani sipanala natiyo ikadali yotentha. Zida zake ndi bulolampu ya parafini kapena lawi la gasi la owocherera zitsulo. Kumudzi, citsulo coti cinganyamulidwe ciikidwe pa makala a mbaula ndi kuwakupiza. Makala amatenthetsa nati ndi bawuti pamodzi, komabe kutentha ndi kuziziranso kumalekanitsa dzimbiri, ndipo mafuta amalowa bwino mukawathira citsulo citazizira mokwanira kucigwira ndi dzanja. Bawuti ndi nati zimene zafiira pa moto zataya kulimba kwake, ndipo ziyenera kusinthidwa. Sheya yakale imene mukuitaya ingatenthedwe popanda nkhawa, koma phiko lotembenuza dothi litalikirane ndi lawi.

Pa zida zonse za m'phunziro lino, moto ndiwo woopsa koposa. Pukutani parafini, dizilo ndi mafuta opopera musanayatse, ndipo cotsani sanza zonyowa ndi zitini. Musayatse pafupi ndi thanki ya mafuta, mapayipi ake, batire, mawaya, mabering'i kapena mphira. Musatenthetse manati a wilo tayala likadali pa rimu, ngakhale mutaphwetsa mphepo. Kutentha kumayenda m'citsulo n'kuyamba kuphika mphira m'kati, mphirayo imatulutsa mpweya, ndipo tayala lingaphulike ngakhale lawi litazimitsidwa kale. Kuphulika kotere kumapha munthu. Mabawuti okutidwa ndi zinki, oyera ngati malata, amatulutsa utsi wodwalitsa akatenthedwa, conco gwirani nchito panja mphepo ikucokera kumbuyo kwanu. Pa kasiti yotentha musathire madzi ozizira, imang'ambika. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene ambiri timakonza zida, udzu umakhala wouma. Lambulani malowo, ndipo pafupi pakhale ndowa ya madzi ndi ya mcenga.

Kuononga nati kuti bawuti ipulumuke

Zonsezi zikalephera, kapena pamalo pamene moto sungayatsidwe, nati ionongedwe. Chizulo ya zitsulo imagwira nchito m'njira ziwiri. Mungakhome kabala pa mbali imodzi ya nati pafupi ndi kona, kenaka n'kupendeketsa chizulo ndi kumenya molunjika kumene nati imamasukira. Mungaimikenso chizulo pakati pa mbali yathyathyathya motsata kutalika kwa bawuti, nyundo yolemera itacirikiza kumbuyo, ndi kudula kufikira nati itakanuka. Nati yokanuka ngakhale pang'ono imataya mphamvu yake yonse yogwira.

Sowo ya zitsulo, ya mpeni wa mano 18 kapena 24 pa inchi, imacedwa koma imasunga bawuti bwino. Cekani nati m'mbali motsata bawuti, moyandikira mathiredi koma osawakhudza, kenaka kanulani cotsalaco ndi chizulo. M'masitolo mulinso cida cochedwa nut splitter, cimene ndi mphete yolimba yokhala ndi kampeni kokankhidwa ndi bawuti. Mpheteyo imavekedwa pa nati, ndipo mukamamanga bawuti yake kampeniko kamalowa m'nati mpaka kuiswa. Popeza sicitulutsa lawi kapena mphaliwali za moto, ndi coyenera pafupi ndi thanki ya mafuta, ndipo gulu la alimi lingagule cimodzi n'kumabwerekana. Girayinda imadula m'kanthawi kocepa, koma imamwaza moto ndipo ikaphonya imadya citsulo ca makina. Isagwiritsidwe nchito popanda cochingira cake.

Pa chizulo ndi girayinda valani magalasi oteteza maso. Mutu wa chizulo ukaphwasuka cifukwa ca kumenyedwa, usalazeni musanaigwiritsenso nchito, pakuti tizidutswa ta m'mphepete mwake timathethekera m'maso.

Bawuti ya pulawo ndi bawuti yothyoka

Mabawuti a sheya ndi a phiko ali ndi mutu wathyathyathya wolowa m'citsulo kuti dothi lidutse bwino, ndipo pansi pa mutuwo pali khosi la makona 4 lokhala m'bowo la makona 4. Mutuwo sungagwidwe ndi sipanala. Khosi likadyeka, bawuti imazungulira pamodzi ndi nati. Mungayese kukanikiza mutuwo mwamphamvu kuti khosi likhazikike m'bowo pamene mnzanu akumasula. Koma mabawuti awa ndi otsika mtengo ndipo amadyeka ndi dothi pamodzi ndi sheya, motero musataye nawo nthawi. Dulani nati, ndipo pogula sheya gulani mabawuti ake tsiku lomwelo. Inu amene mumacotsa thupi la pulawo m'cilimwe kuti mumange ripa ya Magoye pa mtanda womwewo, mabawuti a pa mtanda mumawamasula caka ndi caka, conco asamalireni koposa.

Vuto lalikulu ndi bawuti yokhazikika m'thupi la makina, imene amati sitadi, monga ya pa injini ya cigayo. Ikathyoka citsa cikuonekera, thirani mafuta ndi kucigwira ndi vayisi giripi, kapena pitani kwa wowocherera aikepo nati yokulirapo ndi kuiwocherera m'kati mwa bowo lake. Kutentha kwa kuwocherera kumaswa dzimbiri, ndipo nati yatsopanoyo imapatsa sipanala pogwira. Mawaya a batire acotsedwe asanayambe. Ikathyokera m'kati, pamafunika kukhoma kadontho pakati penipeni ndi panchi, kuboola ndi dirilo yaing'ono kenaka yokulirapo, ndi kuzula citsaco ndi kacitsulo ka mathiredi a kumanzere. Kacitsuloko ndi kolimba kwambiri, ndipo kakathyokera m'bowo dirilo wamba singakaboole. Amene sanacitepo nchito imeneyi abweretse makinawo kuno kapena apite nawo kwa makanika wodziwa.

Pomanganso ndi posunga

Nati ikacoka, nchito yotsatira ndi kuonetsetsa kuti sidzakananso. Palani mathiredi a bawuti, ndipo yesani nati ndi zala zokha. Ikalephera kuyenda mpaka kumapeto, sinthani. Bawuti yatsopano ikhale ndi nambala yofanana ndi yakale pamutu, kaya 4.6, 8.8 kapena 10.9, cifukwa nambalayo imasonyeza kulimba kwake, ndipo ya 4.6 singalowe m'malo mwa ya 8.8. Pa mabawuti a pulawo, a makina obzalira ndi a thupi la ngolo pakani girisi pang'ono musanamange. Manati a mawilo a galimoto ndi thirakita amamangidwa oyera ndi ouma, kupatula ngati buku la makinawo likunena zina, popeza mafuta amacititsa munthu kumanga mopitirira muyeso osadziwa. Kapini ka miyendo iwiri kalowedwe m'malo ndi katsopano, msomali usatenge malo ake.

Nchito ya cida ciliconse ikatha pa nyengo yake, citsukeni dothi ndi feteleza, ciumitseni, masulani nati iliyonse pang'ono, pakani girisi ndi kumanganso. Pa sheya ndi phiko pakani oilo wa injini wotha nchito. Sungani zida pansi pa denga, zitakhazikidwa pa mitengo kuti zisakhudze nthaka. Pulawo imodzi simafuna kuposa ola limodzi pa zonsezi. Timaphunzitsana kawirikawiri kuti munda, ng'ombe ndi nthawi ndi zinthu zimene Mulungu watiikiza kuti tizisamale, ndipo zida za m'shedi zili pakati pa zimenezo.

Zoti mucite mvula isanagwe

Inu amene munamaliza maphunziro, tulutsani pulawo, ripa, makina obzalira ndi ngolo mwezi uno. Yesani nati iliyonse ndi ringi yokwana, ndipo lembani m'kabuku muyeso wake kuti mudziwe masipanala amene mukusowa. Nati iliyonse yokana ipaleni ndi kuithira mafuta lero, nthawi yodikira ikadalipo. Gulani mabawuti a sheya apadera ndi timapini tingapo, muzisunge m'citini cotseka mutazipaka oilo. Ophunzira a caka cino, sabata ya mawa ku shedi aliyense adzapatsidwa nati ya dzimbiri pa pulawo zakale za pano. Wopambana adzakhala amene wacotsa nati bawuti ili yamphumphu, ngakhale atatsiriza pambuyo pa onse, ndipo aliyense adzafotokoza zida zimene anagwiritsa nchito ndi cifukwa cimene anayambira ndi cimene anayamba naco.